Wakwiya, Koma Abwera

Abale anga, musaseke chikwama ichi. Ndikudziwa kuti ena mwa inu mumanditcha ofesi yoyenda. Mapepala ali muno ndi achikulire kuposa ambiri a inu, ndipo zimene ndinene lero zili ndi pepala lake. Abusa andipempha kuti ndinene za mowa, popeza ambiri amene mwakhala pa mabenchi apa mowa ndi umene wakubweretsani. Ndinena. Koma ine mowa sunandigwetse. Unandipeza ndili pansi kale. Chinandigwetsa ndi nsanje, ndipo munthu amene ndinkamuchitira nsanjeyo anali m'manda.

Dzina langa ndine Bestone Silungwe, wa konkuno ku Chitipa. M'zaka zija za chipani chimodzi ndinali kalaliki pa msika wogula mbewu pano pa Boma. Mkati mwa sabata ndinkalemba matumba a nyemba ndi mawere, Loweruka ndinkagwira gitala. Tinali ndi bandi, ine ndi Frackson Sikwese, mnzanga wa kuubwana. Tinkaimba roko, nyimbo zaphokoso zija zimene zinkabwera ndi madalaivala a malole kuchokera ku Zambia. Anzathu a kumeneko ankaimba ndi tsitsi lofika m'mapewa ndi mabuluku otambasuka kumiyendo. Kuno zonsezo zinali zoletsedwa. Ife tinkaimba titameta ngati ana a sukulu, titamanga mataye, ampu yokuzira mawu itamangiriridwa ku batire la lole.

Kulira kwa gitala kumene anthu ankayendera mtunda kudzamva, ndine ndinakupeza. Ndinatenga lezala n'kucheka sipika pang'ono, gitala n'kuyamba kulira mosasa ngati malata akung'ambika ndi mphepo. Frackson anakalipa, akuti ndawononga katundu. Patapita mwezi ndinamumva akufotokozera atsikana za sipikayo ngati nzeruyo anagona nayo iye.

Kaimbidwe kathu kanali kotere, ndipo mukagwire bwino. Iye ankaimba ndi pakamwa, uku akumenya gitala yoperekeza. Akatha ndime ziwiri ankaponda pansi kawiri ndi chidendene, n'kutembenuka kupatsa anthu msana. Pamenepo ndiye ine ndinkalowa. Sitinkayang'anana, sitinkakodolana. Chidendene basi. Ndinkaimba mpaka zala kuwawa, iye n'kutembenukanso, anthu n'kuombera m'manja. Ankaombera ndani? Iye. Chifukwa watembenuka.

Onani pepala ili, ndi loitanira anthu ku dansi ya ku holo. Werengani pamwamba: "Frackson ndi Anzake." Ine, amene ndinamuphunzitsa kuchuna gitala, ndinali anzake.

Tinali ndi nyimbo imodzi imene tinkaikonda, Basi ya Lachinayi. Inkanena za mayi wa ku Nthalire amene akudikira mwamuna wake pamsewu, basi yosabwera. Mawu anali ake, chuni chinali changa. Ndipo ndine ndinamuchenjeza kuti mlandu tiupatse mvula, osati msewu, poti nthawi imeneyo kunena kuti msewu ndi woipa kunali kunena boma. Munthu wina wa ku wailesi anadutsa kuno pa ntchito zake, anatimva, ndipo pambuyo pake kunabwera kalata yotiitana ku Blantyre kukajambula. Frackson anafika nayo ku ntchito kwanga akuthamanga.

"Iwe Bestone, pempha tchuthi. Tikupita."

"Akuitana ndani?"

"Bandi."

"Werenga pa envulopu."

"Aa, iwe! Envulopu imaimba gitala?"

"Pita nayo envulopu yakoyo. Ukaone ngati nyimbo ingaime popanda ine."

Anaseka. Chimene chinkandipsetsa mtima mwa Frackson n'chimenecho, munthu ukamukwiyira ankaseka ngati wamupatsa mphatso. Anandigwira paphewa, ine n'kuchotsa dzanja lake. Anapita yekha.

Sanafike kuno wamoyo. Pobwerera, lole imene anakwera inagubuduzika pa zitunda za pakati pa Karonga ndi kuno.

Ndinalira, musaganize kuti sindinalire. Koma ndinene zoona pamaso pa Mulungu: nditaima pamanda paja, nditaona khamu la anthu, ena ochokera kutsidya kwa malire, aphunzitsi, anamwino, ngakhale apolisi atavula zipewa, mumtima mwanga munabwera funso loti, ine ndikadzafa kudzabwera ndani? Mnzanga akutsitsidwa m'dzenje, ine ndikusirira maliro ake. Nthawi yogawa katundu wa malemu itakwana, achibale ake ananditumizira uthenga kuti ndikakhalepo. Sindinapite. Ndinati ndatanganidwa.

Patapita miyezi, tsiku lina masana tili pakhonde, woulutsa mawu anati: tsopano timve nyimbo yomaliza ya malemu Frackson Sikwese, imene anatisiyira yosamaliza. Chuni changa chinayamba. Mawu ake anatuluka, oyera, ngati ali kuseri kwa nyumba. Dzina langa woulutsa uja sanalitchule. Ndime yoyamba isanathe ndinatseka wailesi, ndinachotsa mabatire, ndinawaika m'thumba.

Kuyambira tsiku limenelo ndinaika lamulo. Nyimboyo ikayamba m'nyumba mwanga, wailesi izime. Ikayamba m'sitolo, ndinkasiya katundu pakauntala n'kutuluka. Ikayamba kwa oyandikana nawo, ndinkatenga nkhwangwa n'kuyamba kuwaza nkhuni, ngakhale nkhuni zinalipo kale. Mkazi wanga, anyina Lusayo, anayesa.

"Awiske Lusayo, nyimbo ija mwaimva mpaka kumapeto?"

"Chuni ndinapeka ndine. Ndimve chiyani?"

"Koma pali pena pake akuti..."

"Ndati dzina limenelo muno ayi!"

Anayesa kachiwiri, ndinamenya tebulo. Sanayesenso.

M'malo momvera, ndinayamba kulemba. Makope a kaboni ndi awa, onse, osanjidwa bwino. Ndinalembera a wailesi kuti andibera chuni, kuti andifufuta dala, kuti ndikufuna dzina langa litchulidwe nthawi iliyonse nyimboyo ikamaulutsidwa. Chingerezi chake chinali chabwino, munthu sangachotsepo chilembo. Sanandiyankhe ngakhale kamodzi.

Nthawi yomweyo kunayamba chinthu china. Ndikamadutsa pamsika, amayi ogulitsa tomato ankagwirana m'nthiti, wina n'kufuula kuti, "Wakwiya, koma abwera!" Madalaivala nawonso, "A Silungwe, mubwera liti?" Ine ndinkati akuseka nkhope yanga, poti nkhopeyo inalidi yokwinyika. Ndinkawatukwana. Iwo ankasekerabe.

Apa ndiye mowa unandipeza. Sindichedwapo, njirayi mukuidziwa. Ndinayamba ndi botolo limodzi poweruka, ati kuziziritsa mtima. Kenako kachasu kuseri kwa msika, dzuwa lili pamutu. Aliyense wondigulira ndinkamuuza mbiri ya sipika ndi lezala, mpaka anthu ankasamuka benchi. Manambala m'mabuku a ntchito anayamba kusokonekera, ine amene ndinali ndisanafufutepo chilembo. Kalata yochenjeza ndi iyi. Yondichotsa ntchito ndi iyi. Gitala yanga ndinasinthanitsa ndi mowa kwa munthu wa ku Tanzania amene sankadziwa n'kuigwira komwe. Anyina Lusayo anamanga katundu, anatenga ana, anapita kwa makolo awo ku Chisenga. Tsiku lina ndinadzidzimuka m'ngalande pafupi ndi sitolo ya amwenye yakale ija, mbuzi ikutafuna tayi yanga. Ndinaikwiyira mbuziyo. Ndinakwiyira Frackson. Ine ndekha ayi.

Ndiye linafika Loweruka lina. Ndinali m'bala ina pano pa Boma, masana, pulogalamu yopatsana moni ili mkati. Nyimbo inayamba. Ndinafuna kutuluka, miyendo inakana. Ndinauza mwini bala kuti azimitse, iye anati, "Dada, makasitomala akuikonda." Ndinaimirira pogwira tebulo. Ndinafuula kuti, "Wailesi yakuba iyi! Wailesi yabodza!" Ndipo ndinaponya botolo.

Achinyamata inu simungamvetse. Wailesi inali imodzi dziko lonse, ndipo inali pakamwa pa boma. Komanso m'bala iliyonse, m'sitolo iliyonse, pamwamba pa shelefu pankakhala chithunzi cha mtsogoleri. Botolo langa linaphonya wailesi. Linamenya khoma, chithunzi n'kugwa chafufumimba, galasi phwa!

Sindinaonepo bala ikutha anthu msanga chotero. Amuna anasiya mowa wodzadza. Mwini bala anakhala pansi n'kugwira mutu. Posakhalitsa anafika anyamata a chipani a malaya ofiira. Ndinatulutsa makhadi anga a chipani, a chaka chilichonse, osasowa ngakhale limodzi, ndi awa. Sanawayang'ane n'komwe. Anandikwakwaza mpaka ku polisi.

M'selo mowa unatha m'mutu, mantha n'kulowa. Aliyense ankadziwa kuti mlandu wa chithunzi suweruzidwa pano. Ankakudikirira galimoto yopita kummwera, ndipo amene apita ndi galimoto imeneyo achibale ankaleka kuwatchula. Ndinkaganiza za mwana wanga Lusayo, kuti kusukulu adzamufunsa kuti bambo ako ali kuti, iye n'kumayang'ana pansi.

Woyang'anira maselo anali sajeni wina wa ku Thyolo, wonenepa, wosafulumira. Chiyankhulo cha kuno ankangodziwa "monire" ndi "yewo", koma ankazigwiritsa ntchito ngakhale kwa akaidi. Anali ndi kawailesi kake kamene ankakaika pawindo, kokulunga ndi mphira kuti mabatire asagwe. Loweruka lotsatira, masana, galimoto isanabwere, anakatsegula.

Chuni changa chinayamba.

"Bwana, chonde zimitsani."

"Bwanji? Ndale mulibemo umu."

"Ndikupemphani. Ndimenyeni ngati mufuna, koma zimitsani."

"Inu bambo, muli m'manja mwa boma ndiye muzilamulanso wailesi yanga?" Anawonjezera mawu.

Ndinatseka makutu ndi manja. Koma selo ndi yaing'ono, abale, ndipo manja satseka kanthu. Kunalibe khomo lotulukira, kunalibe nkhuni zowaza. Ndime yoyamba inatha. Yachiwiri inayamba, imene ndinali ndisanaimvepo pa wailesi. Mayi uja akadali pamsewu, mwana kumsana, mvula ikubwera kuchokera ku mapiri a Mafinga. Frackson anakoka mawu omaliza monga ankachitira ku holo. Kenako ndinamva chinthu chimene thupi langa linachidziwa mutu usanachidziwe.

Gu, gu. Chidendene.

Dzanja langa lamanzere linapindika lokha, zala kufunafuna nsambo pa mpweya. Pa wailesi panalibe amene analowa. Ng'oma inkapitirira, gitala yoperekeza inkapitirira, koma pamwamba pake panali pululu, ngati nyumba yomanga bwino imene sanaifolere. Anasiya mpata wonse, wautali monga ndinkautengera ine. Anthu a ku Blantyre anali ndi oimba gitala awo, akatswiri, akanatha kuikapo aliyense. Panalibe.

Ndiye kunamveka mawu a munthu wina chapatali, wa makina, akufunsa ngati adule pamenepo. Ndipo Frackson anayankha, osati moimba, moyankhula, ndi Chichewa chake chija chopindika cha kwathu kuno:

"Ayi achimwene, apa musafufute. Apa m'pa Bestone. Wakwiya, koma abwera."

Anaseka. Nyimbo n'kuthera pomwepo.

Sajeni anali akugwedeza mutu. "Pamenepa mkazi wanga amalira nthawi zonse," anatero. Kenako anandiyang'ana, poti ndinali nditakhala pansi pa simenti, pakamwa pali yasa. Anatsegula buku lake. Anayang'ana dzina, anayang'ana ine.

"Bestone Silungwe. Bestone wake uti?"

Ndinaloza kawailesi kaja.

"Ayi! Bestone uja ndinu? Wokwiya uja?" Anaseka mpaka kutsokomola. "Dziko lonse likukudikirani, inu muli m'selo mwanga!"

Mukuganiza kuti pamenepo mtima wanga unasungunuka? Umboni wabodza sindipereka. Choyamba chimene ndinamva ndi ukali. Munthu uyu anauza Malawi yense, kuyambira kuno mpaka ku Nsanje, kuti ine ndakwiya! Amayi a tomato aja sankaseka nkhope yanga, ankangobwereza nyimbo. A wailesi aja ankalandira makalata anga odandaula kuti dzina langa mulibe, uku dzinalo akuliulutsa sabata ndi sabata. Ayenera kuti ankapatsirana makalatawo pa tiyi. Ine wosunga pepala lililonse, wowerenga chilichonse mpaka pa sitampa, nyimbo imodzi yokha ndinalephera kuimvera mpaka kumapeto.

Ndipo nsanje inabweranso mwa mtundu wina. Ndinati, ngakhale pa ubwenzi wandiposa. Ine ndinachotsa dzanja lake paphewa, iye anakandisungira malo. Sanakayike n'komwe. Sanati mwina abwera. Anati abwera.

Sajeni atatha kuseka anakoka mpando, n'kukhala pafupi ndi zitsulo.

"Tsopano tiuzane zoona. Botolo lija munkagenda chiyani?"

"Wailesi, bwana."

"Mawu amenewo ndisawamvenso. Munkagenda ndani?"

Ndinati, "Frackson."

"Eya. Kugenda mnzako wakufa ndi uchitsiru, koma si ndale."

Anakayankhula ndi akuluakulu ake. Zimene anakambirana sindikuzidziwa, ndipo zimene ndilibe pepala lake sindinena. Chimene ndili nacho ndi ichi: chigamulo cha khoti, mlandu woledzera ndi kuswa katundu. Ndinagwira ukaidi wochepa konkuno, kutchetcha udzu pa Boma, anthu amene ndinkawalembera matumba akundiona. Galimoto ya kummwera inabwera, inapita popanda ine. Anandipulumutsa ndi munthu amene ndinkamugenda. Zinandiwawa, ndipo pena zimandiwawabe.

Tsopano njira yobwerera, poti ndi imene mwadzera.

Nditatuluka sindinalonjeze zazikulu. Ndinangosintha njira. Kuchokera kunyumba kupita kumsika ndinkazungulira kuchipatala, kutali, kuti ndisadutse kuseri kuja kumene fungo limakuitana ndi dzina. Anzanga a pabenchi ndinawauza pamaso kuti akandiona asandipatse moni. Masabata oyamba thupi linkafuna kundithawa, thukuta, kusanza, maloto oipa. Ndinkatafuna nzimbe mpaka nsagwada kuwawa. Ndinagwa kamodzi, pa ukwati wa mphwanga, sindibisa. M'mawa mwake ndinayambiranso.

Kenako ndinapita ku Chisenga wapansi. Apongozi anandisiya panja pa mpando mpaka dzuwa kupendeka, osandifunsa kanthu. Anyina Lusayo atatuluka sanafunse za mowa, sanafunse za ndende. Anaima patali, manja m'chiuno.

"Mwaimva?"

"Ndaimva."

"Mpaka kumapeto?"

"Mpaka kumapeto."

"Ndinakuuzani kangati?"

"Kawiri."

"Katatu. Kachitatu munali mutaledzera."

Sanabwerere tsiku limenelo. Anati aone kaye nyengo imodzi ya dzinja. Ndinalima nyemba ndekha, ndinakhoma tebulo pansi pa mtengo pafupi ndi positi n'kumalembera anthu makalata. Nditakolola anabwera ndi ana.

Chovuta kuposa zonse chinali kupita kwa amayi ake a Frackson. Ndinawapeza akupeta mawere. Ndinagwada pamaso pawo. Iwo analowa m'nyumba, anatuluka ndi gitala ya mwana wawo, yokulunga m'chitenje. Anayankhula m'Chilambya, ndikumasulirani. Anati tsiku logawa katundu, malaya anapita kwa abale, njinga kwa amalume, koma chida cha ntchito chimapita kwa amene malemu ankagwira naye ntchitoyo, ndipo palibe wina akanachikhudza. Chinakhala pansi pa bedi nthawi yonseyo. "Chimandisowetsa tulo," anatero. "Tenga. Wachedwa."

Ndinagula nsambo, ndinabwereka batire. Loweruka lililonse masana ndinkakhala pakhonde la amayiwo, gitala pamiyendo, wailesi pambali, kudikira. Nyimbo ya pa wailesi suitanitsa, imabwera ikafuna. Tsiku limene inabwera, chidendene chitagunda, ndinalowa. Zala zinali zolimba, mowa unazidya. Ndinaphonya, ndinatsalira, ndinaimba zamanyazi. Amayi aja anati, "Frackson ankati umatha." Ndinabwereranso sabata yotsatira, ndi inzake, mpaka zala zinakumbuka.

Wina afunsa kuti, ndiye nsanje inatha? Sinathe. Ndakalamba nayo. Mpaka lero anthu akamaimba nyimbo ija amafika pampata paja n'kukhala chete, ena kupukuta maso. Zimene ndinaimba moyo wanga wonse palibe akuzikumbuka, koma pamene sindinaimbe ndi pamene amapakonda. Zimandibaya. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano zikandibaya sindipita kuseri kwa msika. Ndimauza anyina Lusayo kuti chija chabwera, iwo amati, "Khalani pansi, chidutsa," n'kundipatsa nyemba zoti ndisankhe.

Pepala lomaliza ndi ili. Patapita zaka, a wailesi anandilembera, kalata yoyamba kuchokera kwa iwo, dzina langa pa envulopu, lolembedwa bwino. Anamva kuti Bestone alipo ndipo akuimbanso. Anati ndipite ndikamalize nyimboyo, ndipo aziulutsa ndi maina awiri. Chimene ndinatayira ntchito, chimene ndinagonera m'ngalande, chinabwera chokha pa positi.

Ndinapita, nditamanga tayi. M'nyumba yojambulira muja anandipatsa gitala yabwino imene sindinaigwirepo chibadwire. Wa makina anazungulitsa tepi mpaka pa chidendene, anaimitsa, n'kundifotokozera. Anati tepiyo ndi yakale, zonse zinajambulidwa pamodzi. Kuti nyimbo ikhale yomalizika bwino, gitala yanga ilowe, ndime yoyamba ibwerezedwe kumapeto, ayenera kudula poyankhula paja ndi kuseka kuja.

"Ndi pang'ono chabe, bambo," anatero. "Komanso pamakunyozani."

Ndinati andiyikirenso. Anabweza tepi. Gu, gu. Mpata uja. Mawu aja. Kuseka kuja, kumene kunkandipsetsa mtima ali moyo.

Dzina langa ndinkalifuna, abale, Mulungu akudziwa mmene ndinkalifunira. Ndinakhala nayo gitala ija pamiyendo mpaka wa makina anayamba kuyang'ana wotchi. Kenako ndinaitsamiritsa kukhoma.

"Achimwene," ndinatero, "mwini wake anakuuzani kale. Apa musafufute."